Kukulunga makoyilo a vepu: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi omwe amabwerabwera kuchokera kwa anthu a muno mu Lusaka amene atopa ndi makoyilo ogula (koyilo ndi kawaya kokulungidwa komwe kamatentha n'kusandutsa jusi, madzi a vepu, kukhala nthunzi) ndipo akufuna kumakulunga okha. Tawalembera akuluakulu omwe amavepa kale. Nikotini ikalowa m'thupi imavuta kuisiya, ndipo nthunzi ya vepu si mpweya wabwino wamba, choncho amene sasuta komanso savepa alibe chifukwa choyambira.

Kodi vepu iliyonse ndingaikulungire koyilo?

Ayi. Mavepu otaya akatha ndi ma pod ambiri ali ndi koyilo yomatiriridwa m'kati, ndipo sanapangidwe kuti azitsegulidwa. Yomwe mungakulungire ndi yokhala ndi deki, kabwalo kachitsulo komwe kali ndi mapositi ndi timasikuluu tomangira miyendo ya waya.

Ma atomizer otere, kutanthauza mutu wa vepu momwe mumakhala koyilo, alipo mitundu itatu. RDA ilibe thanki, jusi mumachita kudonthezera pa thonje. RTA ili ndi deki m'kati mwa thanki. RDTA deki yake ili pamwamba, thanki pansi, ndipo michira ya thonje imalendewera mu jusi. Woyamba kumene atenge RDA kapena RTA ya koyilo imodzi, chifukwa deki yake ndi yotakasuka ndipo cholakwika chimaoneka msanga.

Ndikufunika zida ziti?

Waya, thonje, jigi (kandodo kachitsulo kokulungirapo waya), kapulayazi kodula waya mpaka pamphepete, lumo lakuthwa, sikuludiraiva yaing'ono kapena Allen kiyi yogwirizana ndi masikuluu a deki yanu, twizazi ya nsonga za seramiki, ndi mita yoyezera ma ohm, omwe ndi muyeso wa momwe koyilo ikukanira magetsi. Jigi ikasowa, mbali yosalala ya biti ya dirilo ya 2.5 mm kapena 3 mm imagwira ntchito yomweyo, ndipo mabiti otere amapezeka mu hadiweya iliyonse ya ku Kamwala.

Pa zonsezi, chomwe sichingalowedwe m'malo ndi choyezera ma ohm. Modi, lomwe ndi thupi la vepu losunga batire, ikakhala yamagetsi yokhala ndi sikirini imayeza yokha, ndipo imakana kuyaka ikaona shoti. Ngati mukugwiritsa ntchito multimeter wamba, yambani mwagundanitsa nsonga zake ziwiri, muwerenge nambala yomwe yatuluka, kenako muichotsere pa muyeso wa koyilo. Zingwe zake zokha zimatha kuonetsa 0.2 kapena 0.3 ohm, zomwe pa ntchito iyi n'zambiri zedi.

Waya wabwino ndi uti?

Kanthal A1 ndiye woyambira. Ndi chitsulo chosakaniza ndi chromium ndi aluminium, sasintha ma ohm akatentha, ndipo akakulungidwa amasunga maonekedwe ake. Amagwira pa ma watt pokha, kutanthauza pomwe inu mumasankha mphamvu yomwe modi itulutse.

Nichrome, yemwe pa mpukutu amalembedwa Ni80, amatentha mofulumira kuposa Kanthal ndipo ma ohm ake ndi otsikirapo. Naye ndi wa ma watt pokha. Ali ndi nickel wambiri, choncho amene khungu lawo limayabwa ndi ndolo kapena mawotchi a nickel amupewe.

SS316L ndi chitsulo chosachita dzimbiri. Ndi yekhayo pa mawaya odziwika yemwe amagwira ponseponse, pa ma watt ndi pa TC pomwe, njira yomwe modi imaletsa koyilo kutentha mopitirira. Ni200, yemwe ndi nickel weniweni, ndi titanium ndi a TC basi, ndipo chifukwa chake chili pa funso la TC m'munsimu.

Nanga waya wa mu elementi ya stovu, kapena womangira wa ku hadiweya?

Musayese. Waya womangira nthawi zambiri amakhala wokutidwa ndi zinc, ndipo zinc akatentha amatulutsa utsi wodwalitsa. Waya wa kopa wa mu zingwe zamagetsi sakana magetsi n'komwe, kotero kumuika pa deki n'chimodzimodzi kulumikiza mbali ziwiri za batire mwachindunji. Wa mu elementi ya stovu kapena hita angakhale nichrome ndithu, koma simukudziwa zomwe anasakaniza, makulidwe ake, ngakhale zomwe zinamumatirira pa zaka zomwe wakhala akugwira ntchito. Gulani mpukutu wolembedwa mtundu wa waya ndi geji yake. Mpukutu wa mamita 10 umatulutsa makoyilo oposa 60, ndiye palibe ndalama yomwe mukupulumutsa potolera waya.

Geji ndi chiyani, ndipo mikombero ingati imapereka ma ohm angati?

Geji ndi makulidwe a waya, ndipo nambala ikamakwera wayayo amakhala akuwonda. Geji 24 ndi 0.51 mm, geji 26 ndi 0.40 mm, geji 28 ndi 0.32 mm. Waya wowonda amakhala ndi ma ohm ambiri ndipo amatentha msanga. Wonenepa ali ndi ma ohm ochepa, amachedwa kutentha, ndipo amafuna ma watt ambiri. Mita imodzi ya Kanthal wa geji 28 ili ndi pafupifupi 18 ohm, wa geji 26 pafupifupi 11 ohm, wa geji 24 pafupifupi 7 ohm.

Ma ohm a koyilo amadalira kutalika kwa waya yense yemwe ali pakati pa mapositi awiri, miyendo yomwe. Ndiye mukawonjezera mikombero, mukakulitsa bowo, kapena mukasiya miyendo yaitali, ma ohm amakwera. Nazi zoyambira, powerengera miyendo ya 5 mm mbali iliyonse:

Kanthal wa geji 28, mikombero 7 pa 2.5 mm, amapereka pafupifupi 1.3 ohm. Muyambe pa 11 mpaka 15 watt. Uyu ndi wa amene amakoka nthunzi m'kamwa kaye ngati ndudu.

Kanthal wa geji 26, mikombero 7 pa 3 mm, amapereka pakati pa 0.9 ndi 1.0 ohm, pa 15 mpaka 20 watt. Koyilo yomweyo ikakhala ya Ni80 imatsikira cha pa 0.7 ohm, ya SS316L cha pa 0.5 ohm.

Kanthal wa geji 24, mikombero 6 pa 3 mm, amapereka pafupifupi 0.55 ohm, pa 25 mpaka 35 watt, wokokera mwachindunji m'mapapo.

Mukaika makoyilo awiri ofanana pa deki imodzi, ma ohm amagawika pakati: awiri a 0.55 amakhala cha pa 0.27 ohm. Ambiri amaiwala zimenezi, ndiye musanaike awiri werengani kaye funso la batire.

Kukulungako kumayenda bwanji?

Sambani m'manja. Dulani waya wa masentimita 15, mumupukute ndi kansalu koviikidwa mu sipiriti kuti mafuta a ku fakitale achoke, ndipo mumusiye aume. Gonetsani mbali imodzi pa jigi, muipanikize ndi chala chachikulu, ndipo muyambe kuzunguliza mukukoka wayayo mwamphamvu. Mkombero uliwonse ugone pambali pa unzake osakwerana. Werengani mikombero mbali yomwe miyendo ikutulukira, ndipo miyendo yonse iwiri iloze kumodzi. Mukamaliza, kokani mwendo uliwonse ndi pulayazi kuti mkombero woyamba ndi womaliza ikhwime, chifukwa imeneyi ndiyo imakonda kulefuka.

Pali njira ziwiri. Mikombero ingagundane, kapena ingasiyane pang'ono. Yosiyana mumaipanga poitambasula koyilo ili pa jigi, kenako n'kuikankhira kumapeto kwa jigi kuti mipata ifanane. Yosiyanayi sivuta kutenthetsa mofanana, ndipo ndiyo yoyenera TC. Yogundana imalowa bwino pa deki yopanikiza, koma imafuna ntchito yomwe yafotokozedwa pa funso la kuwala.

Ndiimange bwanji pa deki?

Masulani masikuluu, lowetsani miyendo m'mabowo a mapositi jigi idakali m'kati mwa koyilo, kuti isapindike. Mangani mpaka waya agwire, osapitirira, chifukwa sikuluu yothina kwambiri imadula waya wowonda, ndipo nthawi zina amaduka theka inu osaona. Ndi jigi yomweyo, sunthani koyilo ikhale moyang'anizana ndi bowo la mpweya, pafupifupi 1 mpaka 2 mm kuchokera pa bowolo. Isakhudze deki, positi, kapena chivundikiro.

Dulani zotsala za miyendo mpaka pamphepete pa positi, mukugwira kachidutswako kuti kasagwere mu deki. Kachidutswa kamodzi kobisala pansi pa thonje n'kokwanira kupanga shoti. Kenako yezani kawiri: chivundikiro chili chochotsa, ndiponso chili chovala. Nambala ikasintha mutavala chivundikiro, ndiye kuti waya akuchikhudza.

Koyilo ikuwala mbali imodzi, kapena mwendo ukufiira msanga. Nditani?

Izi mumaziona musanaike thonje. Ikani modi pa 15 mpaka 20 watt, muzidina batani pang'onopang'ono, sekondi imodzi kapena ziwiri n'kusiya. Koyilo yabwino imayamba kufiira pakati, kufiirako n'kufalikira kumbali zonse mofanana. Kadontho kowala kuposa malo ena kakusonyeza kuti mikombero iwiri yagundana molakwika ndipo magetsi akudumpha. Pamenepo thonje lidzapsa, ndipo waya adzadukira pomwepo.

Kukonza kwake n'kosavuta. Siyani batani, finyani koyilo pang'ono ndi twizazi ya seramiki, kenako muikwekwese mopepuka kuchokera kumapeto ano kufika uko. Bwerezani mpaka kuwala kufanane. Ngati twizazi yanu ndi yachitsulo, isakhudze koyilo batani lili lodina. Mwendo wofiira msanga nthawi zambiri umatanthauza sikuluu yolefuka kapena mkombero womaliza wotalikana ndi anzake. Pa makoyilo awiri, onse ayenera kufiira nthawi imodzi. Wina akatsogola, miyendo yawo siyofanana kutalika kapena sikuluu ina sinagwire.

Kufiira kwa mdima n'kokwanira. Kuwalitsa mpaka chikasu kumangowononga waya, makamaka SS316L. Mukatha, mangitsaninso masikuluu, chifukwa kutentha kumawamasula, ndipo muyezenso.

Ma ohm ndingatsitse kufika pati batire lisanavutike?

Ili ndilo funso lofunika kuposa onse, chifukwa koyilo yokulungidwa molakwika imangowononga kakomedwe, koma batire lokakamizidwa limatha kutulutsa moto m'manja kapena pankhope. Batire lililonse lili ndi malire a ma amp omwe lingapereke mosalekeza, omwe amalembedwa CDR. Samsung 30Q ndi 15 A, Samsung 25R ndi LG HG2 ndi 20 A, Sony VTC5A, yomwe tsopano imapangidwa ndi Murata, ndi 25 A. Nambala yaikulu yolembedwa kuti pulse musaiwerengere.

Pa modi yopanda chipu, yomwe ambiri amaitcha meki, palibe chomwe chimaima pakati pa batire ndi koyilo. Ma amp mumawapeza pogawa mavolti ndi ma ohm, ndipo muziwerengera batire lodzaza, lomwe ndi 4.2 V. Koyilo ya 0.5 ohm imakoka 8.4 A. Ya 0.3 ohm imakoka 14 A. Ya 0.2 ohm imakoka 21 A, kupitirira malire a batire la 20 A. Ya 0.15 ohm imakoka 28 A. Taonani momwe nambala ikuthamangira kumunsiku: mita yanu ikalakwitsa ndi 0.03 ohm chabe, koyilo yomwe mukuiyesa 0.15 ikhala 0.12, ndipo imeneyo ikukoka 35 A. N'chifukwa chake timati pa batire limodzi la 20 A, musatsike pansi pa 0.3 ohm. Meki yomwe mabatire ake awiri aikidwa motsatizana imatulutsa 8.4 V, ndiye koyilo ya 0.5 ohm pamenepo ikukoka pafupifupi 17 A. Imeneyo si ya munthu amene akufunsabe funso lino.

Meki zina zilibe pini pakati, atomizer imakhudza batire mwachindunji. Pa zoterezi, pini ya 510, ya pansi pa atomizer yolumikizira magetsi, iyenera kutulukira bwino kupitirira mazinga ake ndipo isakhale yosuntha. Ikakhala yofanana ndi mazinga, batire limachita shoti mukangodina.

Pa modi yamagetsi nkhani ndi ina. Chomwe chimalemetsa batire si ma ohm a koyilo koma ma watt omwe mwasankha, ndipo batire limavutika kwambiri likatsala pang'ono kutha, cha pa 3.2 V. Kuwerengera kwachidule ndi uku: chulukitsani CDR ndi 3, mupeze ma watt a batire limodzi. La 15 A ndi 45 watt, la 20 A ndi 60 watt, la 25 A ndi 75 watt. Modi ya mabatire awiri a 20 A ifike 120 watt, ngakhale pa bokosi patalembedwa 220. Ife timalangiza woyamba kumene kuti akhale pa modi yamagetsi, chifukwa chipu imakana kuyaka pa shoti, pomwe meki siikana.

Mabatire ochotsa mu laptop yakale kapena mu tochi angagwire?

Kukula kwake ndi kofanana ndi kwa mabatire a vepu, komwe kumatchedwa 18650, ndipo amalowa bwinobwino mu modi. Koma anapangidwira kupereka ma amp ochepa kwa nthawi yaitali, ndipo akale amakhala atafooka kale. Mu vepu amatentha. Mabatire otere ndi ochuluka m'misika ya m'tauni, ena atavekedwa chikopa chatsopano. Chizindikiro chimodzi chosavuta: 18650 yeniyeni imathera cha pa 3500 mpaka 4000 mAh, choncho yolembedwa 6800 kapena 9900 mAh ndi bodza la poyera.

Ngakhale batire lenileni, yang'anani chikopa chake cha pulasitiki nthawi zonse. Thupi lonse la batire ndi negative, ndipo positive ndi kamutu kapamwamba kokha, kotetezedwa ndi kamphete. Chikopa chikang'ambika, makamaka cha pamwamba, lisiyeni mpaka mutaliveka china. Musaliike m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi. Kabokosi kapulasitiki kosungiramo mabatire n'kotchipa kuposa chilichonse chomwe tatchula pano.

Thonje lake ndi liti, ndipo lochuluka bwanji?

Thonje loyera lenileni, losaikidwa mankhwala kapena fungo. Odziwika ndi Cotton Bacon ndi timapadi ta ku Japan monga ta Muji. La ku famase nthawi zambiri limakhala loyeretsedwa ndi mankhwala, ndipo lina limasakanizidwa ndi ulusi wopanga womwe umasungunuka ukatentha. Pa paketi pakapanda kulembedwa kuti ndi thonje lokhalokha, lisiyeni.

Pa padi, dulani motsatira ulusi, osati mopingasa. Koyilo ya 3 mm imafuna kachidutswa kotambalala pafupifupi sentimita imodzi. Sendani khungu lolimba la kunja, potani nsonga imodzi, ndipo mulowetse. Liyenera kudutsa likukana pang'ono. Likamakoka koyilo mpaka kuipinda, lachuluka. Likamangotsetsereka, lachepa. Michira muipese ndi nsonga ya twizazi kuti ifewe. Pa RDA ifike pansi pa deki. Pa RTA ingotseka mabowo a jusi mopanda kupanikiza, ndipo apa ndi pomwe pamagona luso lonse la RTA. Nyowetsani thonje lonse ndi jusi musanadine batani.

Bwanji ndikumva kupsa, pomwe thanki ili yodzaza?

Jusi sakufika pa koyilo mofulumira momwe mukumuwotchera. Mwina michira yapanikizika m'mabowo, kapena thonje lathina m'kati mwa koyilo, kapena ma watt akwera. Onaninso funso la kuwala, chifukwa kadontho kotentha kamawotcha ngakhale thonje lonyowa. Jusi wa VG (glycerin wa zomera) wambiri ndi wolimba, ndipo m'mamawa a Juni ndi Julayi amalimba kwambiri. Nyengo imeneyo chepetsani michira pang'ono, kapena fumbatirani thanki m'manja kanthawi musanakoke. Thonje likapsa kamodzi, kakomedwe sikabwerera, lisintheni.

Nanga kudontha ndi kulavula?

Kudontha ndi mbali ina ya vuto lomwelo: thonje lachepa m'mabowo, jusi akudutsa n'kutulukira ku mpweya. Mu Okutobala jusi amasungunuka ndi kutentha, ndiye thonje lomwe linkagwira bwino mu Julayi limayamba kudontha. Kamphete ka labala kong'ambika nakonso kamadonthetsa. Pothira jusi, tsekani kaye mabowo a mpweya ndi a jusi ngati thanki yanu ili nawo.

Oyenda njira ya ku Chirundu kapena ku Siavonga amadandaula kuti thanki imadontha pobwerera. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, chigwa cha Zambezi chili pansi kwambiri. Mukamakwera mapiri, mpweya wa m'thanki umafufuma n'kukankhira jusi panja. Dzazani thanki musananyamuke kuti mpweya uchepe, kapena muiyendetse itazondoka mabowo ali otseka.

Kulavula, pomwe timadontho totentha timafika m'kamwa, kumachokera ku thonje lochepa m'kati mwa koyilo, jusi wochuluka pa deki, kapena ma watt ochepa pa koyilo yonenepa, moti jusi akuwira m'malo mosanduka nthunzi.

TC ndi chiyani?

Ndi njira yomwe modi imachepetsa mphamvu koyilo ikafika pa kutentha komwe mwasankha, kawirikawiri pakati pa 200 ndi 250 °C. Modi ilibe choyezera kutentha m'kati mwa thanki. Imangoona momwe ma ohm akukwerera waya akamatentha. N'chifukwa chake Kanthal ndi Ni80 sagwira pa TC, poti ma ohm awo sasuntha mokwanira. Koyilo iyenera kukhala yozizira pomwe mukuilembetsa pa modi, apo ayi kuwerengera konse kumasokonekera.

Ni200 ali ndi ma ohm otsika kwambiri ndipo ndi wofewa, titanium akatenthedwa mpaka kufiira amapanga zoyera zomwe simuyenera kupuma. Awiriwa musawaike pa ma watt kapena pa meki, ndipo musawafiiritse opanda thonje. Wofuna kuyesa TC ayambe ndi SS316L wa mikombero yosiyana.

Ma Clapton ndi anzawo ali ndi phindu?

Clapton ndi waya wapakati wozengedwa ndi wina wowonda kwambiri, mwachitsanzo geji 26 wozengedwa ndi geji 32 kapena 36. Fused Clapton ali ndi mawaya apakati awiri kapena atatu. Timipata take timasunga jusi, ndipo ambiri amati kakomedwe kamamveka bwino. Koma chitsulo chikachuluka chimachedwa kutentha, chimadya batire ndi jusi, ndipo ma ohm amatsika chifukwa mawaya apakati amagawana magetsi. Fused Clapton awiri pa deki imodzi amatsika mosavuta pansi pa 0.2 ohm. Kumuzenga nokha kumafuna dirilo ndi dzanja lokhazikika, ndipo waya wozengazenga amagulitsidwa pa mpukutu. Dziwani kaye waya wamba.

Mita ikusinthasintha nambala. Vuto lili pati?

Pa SS316L, kukwera pang'ono koyilo ikatentha n'kwabwinobwino. Pa Kanthal kapena Ni80, nambala yodumphadumpha imasonyeza kulumikizana kolefuka: sikuluu ya positi, mwendo woduka theka, positi yogwedera, kapena jusi ndi fumbi pa pini ya 510. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala limalowa paliponse, ndiye muzipukuta pini ndi mazinga ndi kathonje ka sipiriti. Musavepe mpaka nambala itakhazikika.

Jusi wamphamvu bwanji ndiye woyenera koyilo yanga?

Koyilo ya ma ohm otsika imatulutsa nthunzi yambiri pa kukoka kumodzi, ndiye nikotini iyenera kuchepa: 3 kapena 6 mg/ml. Jusi wa nikotini wa mtundu wa salt wa 20 mg/ml kupita m'mwamba ndi wa koyilo ya 1 ohm kapena kuposa, pa ma watt ochepa. Mukamuika pa 50 watt mudzachita chizungulire, nseru ndi kugunda kwa mtima. Mafuta amtundu uliwonse sayenera kulowa mu thanki, ndipo mabotolo a jusi azikhala kutali ndi ana.

Ndizitsuka ndi kusintha kangati?

Thonje limatha masiku atatu mpaka sabata, koyilo masabata angapo kapena miyezi. Jusi wotsekemera kwambiri amasiya litsiro lakuda louma pa waya ngati nkhoko za mu mphika, ndipo ndilo limapha kakomedwe. Chotsani thonje, dinani pang'onopang'ono pa ma watt ochepa mpaka litsiro lipse, siyani izizire, masulani atomizer pa modi, ndipo mutsuke koyilo ndi madzi ndi kamswachi. Madzi a m'zitsime zambiri za mu Lusaka ali ndi laimu, choncho mutsukuluze komaliza ndi madzi a m'botolo. Umitsani, yezaninso, kenako thonje latsopano. Waya akachita mawanga a dzimbiri, akayamba kuthetheka, kapena kadontho kowala kakakana kuchoka, kulungani ina.

Malaiti akamapitapita, mabatire ndiziwatchaja bwanji?

Ndi tchaja yapadera yolowetsamo mabatire, monga ya Nitecore kapena XTAR, pa 1 A. Zambiri mwa izi zimalandira USB, ndiye zimagwira pa pawa banki kapena pa sola. Vuto la malaiti obwera pakati pa usiku ndi lakuti anthu amasiya tchaja ili pa soketi n'kukagona. Musatero. Tchajani muli maso, pamalo olimba osati pa bedi, ndipo mabatire akadzaza muwachotse. Awiri a modi imodzi agulidwe limodzi, azitchajidwa limodzi, ndipo asasakanizidwe ndi ena.

Musasiye modi kapena mabatire m'galimoto yoimikidwa padzuwa. Batire likatentha moti simungaligwire, likamalira kapena kutulutsa fungo, liikeni pa simenti panja, kutali ndi makatani ndi anthu, ndipo musalibwerere mpaka litazizira. Lomwe latha ntchito mulimate tepi mbali zonse ziwiri, mulipereke kwa otolera zinyalala zamagetsi. Musaliponye m'dzala lomwe mumawotchamo zinyalala, chifukwa limaphulika pa moto ngakhale litafooka kale.